Mchere wautsa mapiri pachigwa mu Zomba

Sabata ino anthu a mu Zomba apumulako kukamba za mtengo wa feteleza ndi zigoli za mpira. Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa, kuyambira pa depoti mpaka ku Chinamwali, ndi ya mchere.

Akuti inayambira m'nyumba ina ku Matawale. Mayi wa m'nyumbamo analawirira kumsika, nagula tambala wachikuda, namuphika pa makala mosathamanga mpaka msuzi unachita kuti psuu, fungo n'kufika kwa aneba. Nsima itafika patebulo, bambo anasamba m'manja, ndipo asanateme ndi mbamu imodzi yomwe anatambasula dzanja, natenga kabotolo ka mchere, n'kuyamba kuwaza. Mayi sanakalipe. Ananyamula mbale ya ndiwo ija mwaulemu wonse, nati: "Bambo a kuno, poti lilime lanu limalawa ndiwo zili patali, mawa mudzaphike ndinu."

Nkhaniyi itakwera minibasi inayamba kunenepa. Pofika pa Mpondabwino, mayi anali atalongedza katundu. Pofika ku Sadzi, ankhoswe a mbali zonse anali atakhala kale pansi. Pofika ku Chikanda, tambala uja anali atasanduka mbuzi yathunthu. Oyandikana nalo banjalo akuti palibe amene anachoka pakhomo, ndipo madzulo omwewo awiriwo anamveka akuseka pakhonde, mbale zili mbee. Koma pofika nthawi imeneyo tauni yonse inali italowerera kale. Aliyense ali ndi nkhani yake ya mchere, ndipo aliyense akukhulupirira kuti muyeso woona uli m'dzanja lake.

Lawani kaye

Mu msika waukulu, kumene kumakhala ogulitsa nsomba zouma, amayi anagamula kale mlanduwu, ndipo bambo uja waluza. Kwa iwo, kuthira mchere usanalawe n'kunyoza amene wapsa zala kukhitchini. Mayi wina wa matemba a ku Kachulu anaufotokoza bwino uku akukonza milu yake: "Achimwene, mchere sitimwaza ngati tikufesa mawere. Umatsina ndi zala zitatu, n'kuthira, n'kuvundula, n'kudikira ziwire. Ukatero umatunga kamsuzi, kudonthezera pachikhatho, kuuzira, n'kunyambita. Ukamva kuti sunakolere, uwonjezera pang'ono. Ndiye ntchito yonseyo munthu angofika n'kuifafaniza ndi kabotolo?" Anzake anaombana m'manja, wogula wina mpaka anaiwala chenji.

Abambo a pa bawo, pansi pa mtengo kuseri kwa depoti, akuti mlanduwu waweruzidwa iwo kulibe. "Dzanja limangopita lokha, amwene," anatero wina uku akutakata. "Si kunyoza ayi. Tinazolowera m'malesitanti, mmene kabotolo kamakhala kakukudikira kale patebulo." Wa kabaza wina anabweretsa mfundo ya thukuta: munthu wopalasa njinga tsiku lonse, thumba la makala lili kumbuyo, amataya mchere wambiri, ndiye ayenera kubwezeretsa. Mfundoyi ili ndi choona chake, pakuti thukuta limatulukadi ndi mchere, n'chifukwa chake malaya a anyamata a kabaza amachita mizere yoyera pamsana akauma. Chimene chinaseketsa anthu n'chakuti woyamba kuivomereza mokweza anali kalaliki wina amene amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Mayi wina wa lesitanti ya mumsika anawateteza pang'ono abambowo. Iye akuti amaphika dala mchere wochepa, chifukwa pa benchi imodzi pamakhala dalaivala wofuna zowawa ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene adokotala anamuletsa. "Wochepa umawonjezereka, akasitomala, koma wowawa sungautole m'mbale." Chomwe chimamudabwitsa n'chakuti tsiku limene mchere wakolera bwinobwino, kabotolo kamathabe chimodzimodzi. Anthu sawaza chifukwa alawa. Amawaza chifukwa kabotolo kali pafupi.

Gogo wina amene ankaonerera bawo uja anati kale kumudzi mchere sunkakhala pamphasa. Ndiwo zikakhala zozizira, mwamuna ankadya kaye mbamu ziwiri zitatu, kenaka n'kuitana mwana chapansipansi kuti akatenge timibulu tingapo. Ankatiphwanyira m'mphepete mwa mbale, mbali yake yokha, chifukwa m'mbalemo munkapisa anthu ambiri. "Mbale ya tonse suthiramo mchere wa lilime lako, mdzukulu wanga," anatero gogoyo. Pamenepo ngakhale wa kabaza uja anagwedeza mutu.

Mkangano wa pa chigayo

Pa chigayo china ku Chinamwali, amayi akudikira magetsi, nkhani inakhotera ku funso lina: mchere umathiridwa nthawi yanji? Apa panalibe kugonjerana. Gulu lalikulu likuti nyemba ukazithira mchere zisanapse zimakhala gwa, ungamalize makala onse zili chilimbire. Awa amadikira mpaka nyemba iphwanyike pakati pa zala ziwiri. Gulu laling'ono likuti mchere wothira kumapeto umangoyandama mu msuzi, nyembayo m'kati ili zii, ndipo nyemba zoterozo n'zimene zimachititsa abambo kufunafuna kabotolo.

A gulu laling'onowa ali ndi mfundo yolimba kuposa mmene anzawo akuganizira. Chimene chimalimbitsa nyemba kwenikweni ndi kukhalitsa. Nyemba za chaka chatha, zosungidwa m'nyumba yotentha ndi yachinyezi, zimavuta kupsa ngakhale usathiremo kalikonse. China ndi tomato wothira msanga, chifukwa kuwawasa kwake kumachedwetsa kufewa. Mchere pang'ono m'madzi oviikamo nyemba usiku suziletsa kupsa, ndipo umalowerera mpaka m'kati, kotero wophika safunikanso kuthira wambiri pomaliza. Mayi wina atamva izi anati akayesa ndithu, koma ayambira pa nyemba za apongozi ake.

Pa zamasamba anagwirizana msanga. Nkhwani, mpiru, bonongwe ndi chisoso zimafota zikalowa mu mphika, ndiye woyeza mchere poona kukula kwa mulu wa masamba aawisi amadzadandaula popakula. Pa therere ndi chigwada panabuka mayina a soda ndi chidulo. Achikulire akuti chidulo, madzi aja odontha pa phulusa la zitsononkho kapena makoko a mtedza, ndicho chimakometsa therere. Atsikana akuti soda wa m'paketi ndiye wachangu, sadetsanso m'manja. Choyenera kudziwa n'chakuti soda ndi mchere zonse zili ndi sodiyamu, chinthu chomwe chija achipatala amati tichepetse. Wothira soda wambiri n'kuwonjezeranso mchere wodzaza dzanja wathira kawiri.

Pa nsima pokha ndi pamene tauni yonse ili ndi mawu amodzi. Nsima sathira mchere. Phala inde, mpunga inde, futali inde, koma nsima ayi. Mtengwa wina amene anayesa zimenezi ataziona pa foni akuti mpaka lero azilamu ake akabwera kudzacheza amayamba afunsa ngati lero kuli nsima yathu kapena ija ya pa intaneti. Alangizi a pa chinkhoswe nawo akuti mayeso oyamba a mtengwa pakhomo pa apongozi si kusesa kapena kutunga madzi ayi, ndi mchere wa m'ndiwo za tsiku loyamba. Apongozi sayankhula kanthu. Umangoona kutalika kwa nthawi imene mbamu yoyamba yakhala m'kamwa.

Mchere ukawawa

Palibe wophika amene sanawawitsepo mchere, koma nkhani zokoma zimachokera kumene ophika achuluka. Amayi ena a ku Sadzi akukumbukira ukwati wina kumene nyama ya ng'ombe inaphikidwa mu mgolo wodula pakati. Woyamba anathira mchere n'kupita kukatunga madzi. Wachiwiri anafika, naona mgolo ukuwira wopanda mwini, nathira wake. Wachitatu anali mlongo wa mkwati, wofuna kuonetsa kuti akuchimuna nawonso ntchito amaidziwa. Pofika nthawi ya chakudya, alendo ankaluma nthuli imodzi n'kumwera makapu awiri a thobwa, ndipo thobwa linatha perekaniperekani asanayambe.

N'chifukwa chake pa maliro, pa zinkhoswe ndi pa sadaka amayi odziwa ntchito amati mchere asunge munthu mmodzi. Amasankha mayi wachikulire wodekha, paketi amaimanga m'chitenje chake, ndipo aliyense wofuna kuthira ayenera kudzera kwa iye. Mayi ameneyo sasonkha moto, sasenda anyezi, koma ndiwo zikakoma ulemu wonse umapita kwa iye, ndipo zikawawa palibe wina wolozedwa chala.

Nanga zikawawa kale? Ambiri amalumbirira mbatata ya kachewere: kusenda, kuponyamo, kuivuula ikapsa, akuti imayamwa mchere. Mbatatayo imamwadi msuzi, koma imamwa madzi ndi mchere limodzi, ndiye msuzi wotsalawo kuwawa kwake kumakhala komwe kuja. Chothandiza n'kuchulukitsa ndiwo: kuwonjezera madzi ndi tomato, kutendera ndi nsinjiro ngati ndi masamba, kapena kutsanula msuzi wina n'kuyamba watsopano. Ndipo amene wagula bakayawo, nsomba ija yamchere yochokera ku Mozambique, aiviike kaye m'madzi n'kumawasintha asanaiike pamoto. Mkamwini wina wa cha ku Thondwe, amene anatsala yekha pakhomo akazi ake atapita kuchidikiro, anaiphika osaiviika, nathiranso mchere wa pamwamba. Akuti ngakhale galu wa pakhomopo ananunkhiza n'kutembenuka.

Ufumu wa pa chiwaya

Ku Chikanda, kumene kumakhala ophunzira ambiri a ku yunivesite, mchere uli ndi ufumu wake pa chiwaya. Umakhala m'botolo la madzi akumwa limene chivindikiro chake anachiboola ndi msomali wamoto, ndipo pambali pake pali linzake la tsabola wopera. Mnyamata wa chiwaya amavuula tchipisi n'kuwaza mchere dzanja lili m'mwamba. Wogula amalandira mbale n'kuwazanso. Mnzake wobwera kudzapempha kamodzi kokha amawazanso mbali yake. Kabichi wa pambali amalandira gawo lake, mang'ina ndi kanyenya osanena. "Ndikachepetsa amathawira kwa mnzanga uyo," anatero wa chiwaya wina. "Amati tchipisi changa n'cha kuchipatala."

Dzinja likafika mchere umagwirana m'botolo chifukwa cha chinyezi, ndiye pa chiwaya chilichonse mumamva kugogoda, anthu akumenyetsa botolo pa thabwa. Limakana, limakana, kenaka chivindikiro n'kuzuka, mchere wonse khuthu pa tchipisi cha munthu amene ndalama yake inali yomaliza. Ochenjera amaponyamo njere zingapo za mpunga kuti usamagwirane.

Ana a sukulu nawo ali ndi nyengo yawo. Mwezi wa October, mango asanapse, m'thumba la yunifolomu mumapezeka kapepala ka mchere wosakaniza ndi tsabola. Amayi akamadandaula kuti paketi ikutha msanga, wakuba wake amakhala ali kuseri kwa nyumba, atatsinzina diso limodzi ndi kuwawasa kwa mango. Zimaseketsa, koma lilime limaphunzira mchere lili laling'ono. Mwana wokula ndi tchipisi, timapaketi tokhwasula ta pa geti la sukulu, soseji ndi supu wa m'paketi, akapita kumudzi pa holide amati ndiwo za agogo ake n'zozizira, pamene agogowo athira monga amathirira zaka zonse.

Amayi akuti kamchere

M'nyumba za mdadada, dzuwa likamapendeka, pamamveka mawu amene aliyense wokulira m'tauni amawadziwa: "Odi! Amayi akuti mutigawireko kamchere." Mwanayo amabwera ndi kasosala, wina chikhatho chokha, ndipo pobwerera amayenda pang'onopang'ono, chala chimodzi chikupita kukamwa. Shuga ukabwereka umabweza, ufa umabweza, koma mchere sabweza, ndipo woumana mbiri yake imafika mpaka kuchitsime. Kupatsa n'kuika, amatero amayi, poti mawa mwana wogogoda adzakhala wako. Dandaulo lokhalo ndi la aneba aja amene kamchere kawo kamabwera ndi anzake: kamchere, katomato, kanyezi, ndi timafuta ngati tilipo. Mayi wina akuti tsiku lina anangofunsa kuti, "Mwanawe, bwanji ukawauze amayi ako abweretse poto ndiwaphikire konkuno?" Madzulo omwewo poto anabweradi, ndipo awiriwo mpaka lero ndi paubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo.

Mdima ukagwa nkhani imasintha. Pali eni maokala amene sagulitsa mchere usiku, ndipo pali makomo amene supemphapo mchere pokhapokha uutchule mozungulira, kuti zokometsera ndiwo. Ukafunsa chifukwa, ena amati umachotsa mwayi pa malonda, ena amati anazipeza choncho. Ena kadzidzi akalira padenga amaponya mchere pamoto kuti uthetheke. Achinyamata amaseka zimenezi masana, koma anganga awo akuti kadzidziyo akalira pakati pa usiku, ndi iwo omwe amayamba kufunsa kumene kuli paketi.

Pali mwambo wina umene anthu amautchula motsitsa mawu. Ambiri tinakula tikuitanidwa pakati pa masewero: "Iwe, bwera udzathire mchere m'ndiwomu." Amayi ali pomwepo, mchere uli m'manja mwawo, koma wothira ukhale iwe. Ukafunsa, yankho linali lakuti udzadziwa ukakula. Anamkungwi amaphunzitsa kuti mayi akakhala kumwezi, kapena pa nthawi zina zokhudza za m'nyumba, sathira mchere, kuopa kudula a pabanja pake. Matenda ake amati mdulo kapena tsempho: kutupa miyendo ndi nkhope, chifuwa, kuwonda. Pa nkhani iyi amayi a mumsika agawanika. Ena amasungabe, ena anasiya chifukwa cha mpingo kapena sukulu, ena amasunga akapita kwa apongozi kokha. Mwambo wa makolo suyenera kunyozedwa, ndipo pakhomo pa eni ake munthu amatsata za pakhomopo. Pempho langa ndi limodzi. Mwana akatupa mapazi, tsitsi n'kuyamba kufiira, kapena wamkulu akamatsokomola masabata osaleka, tisathe masiku tikufufuza amene anathira mchere. Zizindikiro zomwezo ndi za kunyentchera, kuchepa kwa magazi ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo zonsezi kuchipatala zili ndi chithandizo.

Wa mibulu kapena wosalala

Pa okala ina ku Mpondabwino anthu anatsutsana za mtundu wa mchere. Okonda wa mibulu akuti ndi wotsika mtengo, umakolera, ndipo kuusinja mu kamtondo kapena kuupera ndi botolo si ntchito. Akuti wosalala wa m'paketi umanyenga dzanja, ndipo apa akunena zoona: tinjere tating'ono timathithikana, kotero zala zitatu zomwe zija zimanyamula mchere wochuluka kuposa zikatsina mibulu. Amayi ambiri amene anawawitsa ndiwo kwa eni ake anagwa m'mbuna imeneyi, dzanja lozolowera mibulu litakumana ndi wosalala.

Anganga ena a kufupi ndi Kachulu anakumbutsa achinyamata kuti kale mchere sunkagulidwa pa okala. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, monga anaonera David Livingstone atafikako mu 1859. Anthu a m'mbali mwa nyanjayi, ndi a ku chigwa cha Shire, ankapala dothi lotuwa la m'madambo nthawi ya chilimwe, kuliika mu mphika woboola pansi, kuthira madzi, n'kuphika madzi odonthawo mpaka atsale mchere. Unali katundu wamtengo wapatali, woyenda nawo maulendo kukasinthanitsa ndi zinthu zina. Munthu woupeza movutika choncho sankauwaza mwachisawawa.

Lero pafupifupi mchere wonse umene tikudya umalowa m'dziko muno kuchokera kunja, wambiri ku Sua Pan m'dziko la Botswana, wina ku magombe a Mozambique. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, lamulo la dziko lino limati mchere wogulitsa kuti anthu adye ukhale wothira ayodini, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi ena mwa amene amaunika zimenezi. Achikulire akukumbukira mmene chithokomiro, chotupa chija cha pakhosi, chinkaonekera kawirikawiri m'midzi. Lero si chapafupi kuchiona pa achinyamata. Ayodini amathandizanso ubongo wa mwana kukula bwino kuyambira ali m'mimba. Ndiye kaya wa mibulu kaya wosalala, funso lofunika pogula ndi lakuti muli ayodini kapena ayi, ndipo kunyumba usungidwe m'chitini chotseka, osati m'mbale yosavundikira pambali pa mbaula.

Pa benchi ya bipi

Ngakhale pa benchi ya odikira kuyezetsa bipi kuchipatala, nkhani ya mchere imabwera ndi phwete. Bambo wina atauzidwa kuti achepetse mchere, akazi ake anayamba kumuphikira kamphika kakekake. Patapita sabata, pochapa, anapeza kapepala ka mchere m'thumba la jekete. Mayi wina akuti amuna ake amadya ndiwo zopanda mchere mwaulemu wonse, kuthokoza komwe, kenaka n'kutuluka kukaongola miyendo, ndipo miyendoyo imaongokera pa kanyenya.

Koma pa benchi imeneyi kuseka sikukhalitsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, magazi amakankha mitsempha mwamphamvu, mtima ndi impso zimagwira ntchito yopyola muyeso zaka ndi zaka, mpaka tsiku lina munthu amene anagona bwinobwino amadzuka mbali imodzi itafa. Chakudza sichiimba ng'oma. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza, ndipo mmenemo muli kale wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa pa chiwaya ndi wa m'timakyubu tokometsera msuzi. Ana ayenera kuchepera apo.

Mnyamata wina wobwera ku Joni, amene anaperekeza amayi ake, anauza anthu pa benchipo kuti ku South Africa boma linalowererapo. Kuyambira mu 2016 lamulo limaika malire a mchere umene makampani angathire mu buledi, soseji, supu wa m'paketi ndi zakudya zina. Kwathu kuno mchere wambiri sudzera ku fakitale. Umadzera m'zala zitatu za wophika ndi m'kabotolo ka patebulo. Umenewu ndi mwayi wathu, chifukwa kuti tisinthe sitifunika kudikira aphungu a Nyumba ya Malamulo.

Namwino wina anawakumbutsa kuti mchere si mdani. Mwana akatsegula m'mimba chimene chimamupulumutsa ndi madzi a paketi ya Thanzi, ndipo Thanzi akasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, uku mukuthamangira kuchipatala. Mabanja ambiri anaona okha mphamvu ya madzi amenewa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Pamenepo palibe amene amadalira dzanja lake. Aliyense amayeza, chifukwa akudziwa kuti moyo uli pa muyeso.

Mphika ndi umodzi

Ine pa mkangano wonsewu ndili mbali ya gogo wa pa bawo uja. Mphika ndi umodzi koma odya ndi ambiri. Muli mwana wa zaka zitatu amene lilime lake likuphunzira kumene, muli agogo a bipi, muli mayi woyembekezera, muli ndi bambo amene sanayezetsepo chibadwire. Wophika akatsina mchere watsinira onsewa. Choncho achepetse pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi, pakuti lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo likazolowera, muyeso wakale uja umayamba kuwawa wokha. Tomato wakupsa bwino, anyezi wokazinga mpaka afiire, adyo, ndimu, nsinjiro ndi tsabola wa kambuzi zimakometsa ndiwo popanda kulemetsa mtima. Wakudya naye alawe kaye. Kutero n'kulemekeza wophika, komanso n'kudzisamala yekha.

Kwa amene akukanganabe kuti ndani ali ndi dzanja lolemera pakhomo, nayi njira yothetsera mlandu popanda ankhoswe. Banja la anthu 6, aliyense akadya magalamu 5, limatha magalamu 30 patsiku. Ndiye kuti paketi ya kilogalamu imodzi iyenera kupitirira mwezi, ndipo ngati pakhomopo pali ana kapena okonda chiwaya ndi buledi, iyenera kupitirira apo ndithu. Lembani pa kalendala tsiku limene mwatsegula paketi. Wa aneba ndi wa mango muuchotsere. Ikatha pa masabata awiri, musalozane zala; tenganani nonse mukayezetse bipi. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa.

Za shuga wa mu tiyi, masupuni anayi anayi aja, amayi a mumsika akuti tizisiyire sabata ina. Abambo a pa bawo akuti akuidikira sabata imeneyo ndi mtima wonse, poti pa mlandu umenewo umboni ali nawo wokwanira.